Chikondwerero cha Pamsewu Chimakonzedwa M'nyumba

 Mafumu athu, amayi, abambo ndi achinyamata a kuno ku Nkolokosa, mwandipempha kuti ndikambe za chikhalidwe chathu ndi ana obadwira m'tauni. Ndiyambira kutali, ku London, chifukwa mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma musadandaule, tibwerako msanga.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, misewu ya dera la Notting Hill mu mzinda wa London imatsekedwa kwa masiku awiri, Lamulungu ndi Lolemba. Anthu oposa miliyoni imodzi amakhamukirako kukaonera mdipiti wa magule umene eni ake amautcha carnival. Eni akewo ndi anthu ochokera ku zilumba za West Indies, monga Trinidad, Jamaica, Barbados ndi Grenada, zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuno ku Africa. Ambiri anapita ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kukagwira ntchito m'zipatala, m'mabasi ndi m'sitima zapamtunda. Sitima yapamadzi ya Empire Windrush, imene inakocheza ku Tilbury mu Juni 1948, ndiyo imakumbukidwa ngati chiyambi cha ulendowo.

Sanalandiridwe bwino. Eni nyumba ambiri ankakana kuwachititsa lendi, ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1958 magulu a anyamata achizungu anayamba kuwagenda, kuwamenya ndi kuphwanya mawindo a nyumba zawo ku Notting Hill komweko. Yankho la mayi wina wobadwira ku Trinidad, Claudia Jones, mkonzi wa nyuzipepala ya West Indian Gazette, linadabwitsa anthu ambiri. Iye anakonza gule. Pa 30 Januwale 1959 anasonkhanitsa anthu a kwawo mu holo ya St Pancras, nayimba, navina, wailesi ya kanema ya BBC n'kuonetsa dziko lonse. Patangotha mwezi umodzi, pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za chipwirikiti kuno ku Nyasaland, Dr Banda n'kumangidwa ku Limbe kuno. Iwo ndi ife tinali pansi pa chisoti chimodzi cha ufumu, ndipo funso limene tinkalimbana nalo linali limodzi: kodi munthu wakuda angaime poyera osapepesa kuti alipo? Mu Meyi chaka chomwecho kalipentala wochokera ku Antigua, Kelso Cochrane, anabayidwa ndi mpeni m'misewu ya Notting Hill yomweyo namwalira, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu mpaka lero.

Gule uja anatulukira pamsewu mu 1966. Mayi wina wothandiza anthu m'deralo, Rhaune Laslett, anakonzera ana a m'makomo oyandikana chisangalalo cha panja. Anaitana woimba wa ku Trinidad, Russell Henderson, ndipo iyeyo ndi anzake atayamba kuyenda akuomba zitsulo zawo, khamu linawalondola. Gwirani mfundo imeneyi: chinthu chimene lero chimatseka mbali ya London chinayamba ngati chisangalalo cha ana, ndipo mpaka pano Lamulungu ndi tsiku la ana ndi mabanja. Akuluakulu amadikira Lolemba.

Chimene makamera amaonetsa ndi nthenga, mikanda ndi fumbi. Chimene saonetsa ndi miyezi yokonzekera. Gulu lililonse limakhala ndi malo ake osokera zovala, kaya ndi kaholo ka tchalitchi, kaya galaja ya munthu, ndipo kumeneko kumasonkhana banja lonse akaweruka kuntchito ndi kusukulu. Abambo amapinda mawaya opangira mapiko, agogo ali pamakina osokera, atsikana akumata tizinthu tonyezimira, kamwana kochepa katapatsidwa ntchito yosankha mikanda yofiira kuilekanitsa ndi yachikasu. Pamoto pali mpunga ndi nyemba zophikira pamodzi monga amaphikira ku Jamaica. Apa mpamene mwana wobadwira ku London, amene sanapondeko ku Grenada, amamva kayankhulidwe ka kwawo, amadziwa dzina la mudzi wa agogo ake, amamvanso za achibale amene anatsala. Pofika tsiku la mdipiti, mbendera ya Grenada imene wanyamulayo imakhala yakedi, chifukwa waigwirira ntchito.

Mizu ya zonsezi ili ku Trinidad. Azungu olima nzimbe, makamaka Afalansa, ankachita madansi ovala zinyawu nyengo ya Lenti isanayambe, akapolo akuonerera pazenera. Akapolowo anayamba kuchita zawozawo kuseri, akutsanzira ndi kunyogodola mabwana awo, ndipo ukapolo utatheratu mu 1838 anatulukira nazo pamsewu. Boma silinakondwe. Mu 1881 apolisi anayesa kuletsa mdipiti wa miyuni wotchedwa Canboulay mu mzinda wa Port of Spain, nkhondo n'kubuka. Posakhalitsa ng'oma zinaletsedwa. Anthu anadula nsungwi n'kumaziguguda pansi. Kenako anatola zitini, pomaliza migolo ya mafuta, naisula ndi nyundo mpaka mbali iliyonse ya chivundikiro ikulira liwu lakelake. Chipangizo chimenecho, steelpan, chinabadwira m'makomboni a anthu osauka cha m'ma 1930 ndi 1940, ndipo lero dziko la Trinidad ndi Tobago limachinyadira ngati choimbira cha fuko.

Tsono mukaona mdipiti wa kumeneko mutha kuseka, chifukwa zambiri mukuzidziwa kale. Muli anthu oyenda pa mitengo italiitali, otchedwa moko jumbie. Mwana aliyense wa ku Dedza anganene kuti ndi makanja. Muli Dame Lorraine, wovala monyogodola mayi wachizungu wonenepa wodzikuza. Kwathu Gule Wamkulu ali ndi Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya. Muli magulu ovala ngati asilikali a pamadzi, akuguba modzandira dala. Amenewa ndiye abale enieni a beni, malipenga ndi mganda.

Ndikhalitse pang'ono pa magule atatuwa, chifukwa ine ndimaona kuti carnival yathu ndi imeneyi, kungoti sitiiona chifukwa chozolowera. Beni anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ku Lamu, Mombasa ndi Tanga, cha m'ma 1890, anyamata akutsanzira mabandi a asilikali achizungu. Anafika kuno makamaka ndi asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga obwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba anamutenga n'kukhala beni wa mawenzulo ndi makabudula a khaki. Atonga a ku Nkhata Bay anapanga malipenga. M'chigawo chapakati, ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Nkhotakota, kunabadwa mganda. Katswiri wa mbiri Terence Ranger analemba buku lathunthu la beni mu 1975.

Taonani gulu la malipenga pafupi. Limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, akapitawo, dokotala wovala choyezera odwala, ngakhale anamwino. Ovina amavala kabudula woyera wosita mpaka kuthwa m'mphepete, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, nsapato zopolisha, kansalu koyera m'manja. Dokotala uja amayendera mzere kuona amene wabwera ndi zikhadabo zakuda. Lipengalo si la mkuwa ayi. Ndi chikho chobooledwa, ndipo pakabowo amamatapo kachikopa koyera kamene kangaude amasungiramo mazira ake, kuti munthu akang'ung'uziramo mawu azinjenjemera. Mzungu anabwera ndi lipenga la mkuwa ndi yunifolomu kuti tizimuopa, anyamata a kunyanja n'kuzisandutsa masewero a pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, boma ili kupikisana ndi boma lija. Ndipo yunifolomu imeneyo sinkagulidwa ndi munthu wakunja. Ankasonkha eni ake, achimwene ogwira ntchito ku Joni ndi ku Harare akutumiza nsapato, alongo akuchapa ndi kusita, amayi akuphikira alendo a boma lodzapikisana nalo.

Amene anapita kunja anatenga magulewa. Ku migodi ya mkuwa ku Zambia kunali mbeni, amene anabala kalela, gule amene J. Clyde Mitchell anamufufuza ku Luanshya n'kulemba za iye mu 1956. Ku Zimbabwe, m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu, komanso ku Mbare ndi Mufakose, zidzukulu za Amalawi zikuvinabe beni ndi Gule Wamkulu, zina mwa izo zisanaoneko Malawi n'komwe. Zimene mwana wa ku Grenada amachita ku London, mwana wa ku Mangochi amachita ku Harare.

Nanga ife a mu Blantyre? Tisaiwale kuti nafenso ndife obwera. Kupatula a kwa Kapeni, kwa Machinjiri, kwa Somba ndi mafumu ena amene mzindawu unawapeza, tonsefe tinabwera ndi basi kapena sitima. Nyumba za Malawi Housing Corporation kuno ku Nkolokosa zinaika Mtumbuka khomo limodzi ndi Msena, Mlhomwe moyang'anizana ndi Mngoni. Ana athu chinenero chawo ndi Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi. Mukawafunsa kwawo amatchula boma, koma mudzi ndi mfumu amayamba wayang'ana mayi awo.

Mbiri ya Alhomwe ikuonetsa mmene manyazi amaphera chikhalidwe. Analowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, n'kugwira thangata m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Anapatsidwa dzina lonyoza lakuti Anguru. Lewis Mataka Bandawe, amene anakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 mu Blantyre muno, analimbana mpaka boma la atsamunda linasiya kugwiritsa ntchito dzinalo m'makalata ake. Komabe makolo ambiri anali atasankha kale kubisala: kusintha mayina, kuyankhula Chinyanja pagulu, Chilhomwe kumangochinong'onezana m'nyumba mpaka chinazilala. Choncho pamene Mulhako wa Alhomwe unakhazikitsidwa mu 2007 motsogozedwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, n'kuyamba kusonkhana pa Chonde ku Mulanje mwezi wa Okutobala, panali chilonda chenicheni chimene chinkapola. Nkhalamba zimene zinkachita manyazi ndi kalongonda zinayamba kumuphika poyera. Tchopa, amene ena ankamuyesa gule wa anthu otsalira, analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, kutsatira Gule Wamkulu ndi vimbuza zimene zinalemekezedwa mu 2005.

Mitundu inanso ili ndi masiku ake. Achewa a mayiko atatu amapita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, mwambo umene unatsitsimutsidwa mu 1984. Angoni a Maseko amakumana pa Nkolimbo ku Ntcheu, pamene pagona Gomani woyamba, amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. A kwa M'mbelwa ali ndi Umtheto pa phiri la Hora, Atumbuka a kwa Chikulamayembe ali ndi Gonapamuhanya ku Bolero. Zonsezi ndi zabwino ndipo zipitirire.

Koma tiyeni tinene chilungamo pa mmene ife a m'tauni timapitirako. Timagula nsalu ya chaka chimenecho, telala wa pamsika n'kutisokera malaya, tikwera minibasi ya hayala, tikafika tikhala pa mthunzi kapena kuima padzuwa, kuonerera anthu a kumudzi akuvina, kujambula pa foni, kumvera malankhulidwe ataliatali a alendo olemekezeka, madzulo kubwerako. Ana nthawi zambiri timawasiya kunyumba poti thiransipoti yadula. Amene wavina ndi wina, amene wayankhula ndi wina, ife tangopereka ndalama ya nsalu. Ndipo chaka cha chisankho chikayandikira, mumadziwa nokha mmene misonkhano imeneyi imanunkhira chipani.

Chizolowezi chovinira munthu wamkulu tinachiphunzira pafupi pompa. Pa Kamuzu Stadium, pamene mbendera yathu inakwezedwa koyamba mu Julaye 1964, amayi athu anavina zaka pafupifupi 30, pa 14 Meyi ndi pa 6 Julaye, boma lililonse ndi gule wake. Ena mwa inu munali m'mbumba ya Dr Banda imeneyo ndipo mukukumbukira kukwezedwa m'malole, kugona m'makalasi a sukulu, kuyeserera tsiku ndi tsiku, ana ndi ntchito mutazisiya. Sindinyoza zonse. Nthawi imeneyo inasunga magule ambiri amene mwina akanafa, ndipo mwana wa ku Nsanje anaona ingoma, wa ku Karonga anaona likhuba. Koma chimtali ndi chioda cha kunyanja zinavulidwa mawu ake akale, onena za mitala, za apongozi, za mwamuna waulesi, n'kuvekedwa mawu otamanda munthu mmodzi. Chitatha chipani chimodzi mu 1994 nsalu zinangosintha mtundu, kukhala zachikasu, zabuluu, zaolenji, amayi akuvinabe kutsogolo kwa nsanja, pomaliza kugawana tindalama tochepa. Kusiyana kwathu ndi a ku Trinidad kuli pamenepa. Kumeneko nduna ikafuna, imalipira chovala n'kulowa mumzere ngati wina aliyense.

Si kuti m'tauni muno mulibe zathuzathu. Pitani ku chinkhoswe Loweruka lililonse. Atsikana atatu kapena anayi afundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, ndipo ankhoswe akuchimuna akuyenera kuloza mkazi wawo. Akaphonya alipira, anthu akufa ndi phwete. Akuchimuna apereka tambala, akuchikazi thadzi. Kenako zituluka nkhwangwa, khasu, chikwanje, lichero, mthiko, chipande, tsache, chilichonse ndi malangizo ake. Palibe nduna imene inalamula zimenezi, palibe kampani imene inathandiza, koma mwambowu ukukula m'malo mochepa, ndipo mitundu yabwerekana mpaka simungadziwe kuti izi zinayamba ndi ayani. Onaninso anamwali akamatuluka ku ndagala tchuthi cha Ogasiti chikamatha, ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani: zovala zatsopano, maambulera, amayi akululutira, msewu utatsekeka popanda wolamula. Onani Asilamu pa ziyala, Akhristu pa Lamulungu la kanjedza, ochemerera Bullets kapena Wanderers chikho chikabwera. Onani ku Chileka mwezi wa Novembala, pokumbukira woimba Evison Matafale amene anamwalira mu 2001, mmene ana a Robert Fumulani anapitirizira nyimbo za m'banja mwawo, ndipo nyimbo zake n'za chamba cha ku Jamaica konko. Luso loyenda pamsewu tili nalo. Chimene tilibe ndi tsiku limene mwana wa ku Nkolokosa angayende ndi makolo ake atanyamula za kwawo, mnzake wa khomo linalo atanyamulanso za kwawo, mumzere umodzi.

Wina anena kuti zimenezi zidzutsa tsankho la mitundu. Nkhawa imeneyo ndi yomveka m'dziko limene mavoti amatsata zigawo. Koma taganizani za mwana amene bambo ake ndi Mchewa wa ku Ntchisi, mayi ake Mtumbuka wa ku Rumphi. Kwa bambo amati mwana ndi wa kuchikazi, kwa mayi amati mwana ndi wa kuchimuna. Mwanayo kwawo n'kuti? Mnzake wa bambo Mtumbuka ndi mayi Mlhomwe akulimbiranidwa mbali zonse ziwiri. Ana otere ndi ochuluka m'nyumba zathuzi, ndipo zikondwerero za mtundu umodziumodzi zimawakakamiza kusankha. Mdipiti wa m'dera suwafunsa funso limenelo. Atha kuvina tchopa chaka chino, malipenga chaka chamawa, n'kukhala kuti zonse ndi zawo. Ku London nako anthu a ku Jamaica ndi a ku Trinidad sankagwirizana kwenikweni pachiyambi, ankanyozana kayankhulidwe ndi nyimbo. Msewu wa Ladbroke Grove, umene mdipiti uja umadutsamo, ndiwo unawaphunzitsa kuyenda limodzi aliyense ndi mbendera yake.

Pali zina zimene sindingafune kuti titengere. Ku Trinidad komweko akuluakulu akudandaula kuti magulu akuluakulu asanduka bizinesi: chovala chodula kwambiri, chochepa kwambiri pathupi, mbali zake zambiri zoitanitsa kunja, wovala sanasokeko ngakhale ulusi umodzi. Zikafika pamenepo banja lachotsedwamo, kwatsala kasitomala. Chinanso, si gule aliyense amene ndi wa pamsewu. Gule Wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi mzinda, ndipo amatuluka pa chifukwa: maliro, chiliza, chinamwali, kulonga ufumu. Kumutenga kuti azikavina potsegulira sitolo kapena kuthamangitsa ana pamsewu n'kumupeputsa. Ngati adzabwere, adzabwere ndi chilolezo cha mafumu ake. Chimodzimodzi vimbuza, amene ndi mankhwala a odwala. Ndipo nyimbo za kutsimba zitsale kutsimba.

Pempho langa n'laling'ono, ndipo silifuna thandizo la kunja. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimakhala mu Ogasiti. Mzere uliwonse wa nyumba, kapena mphakati, limana, kaya gulu la banki m'khonde, lisankhe gule mmodzi amene muli munthu womudziwa bwino. Anthu otere alipo: mlonda wopuma ntchito amene anali kapitawo wa beni kwawo, agogo amene anali kutsogolera chioda, mphunzitsi wa ku Chintheche amene amadziwa kupanga lipenga la chikho. Amenewa aphunzitse ana Loweruka masana, pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi. Zovala zisokedwe konkuno, ndipo mwana aliyense agwireko kanthu, ngakhale kutunga mikanda kapena kumanga maseche a zitsekerero za mabotolo. Pophunzira pazikhala chakudya cha kwawo kwa guleyo, ndipo wophika azifotokoza: kalongonda amawiritsidwa nthawi yaitali, madzi ake akutayidwa kangapo, apo ayi amaledzeretsa ndi kudwalitsa, kondowole amachokera ku chinangwa chovuula, mwana aone ndi maso, asamangomva.

Patsiku lakelo ana atsogole, makolo pambuyo. Pasakhale nsanja, pasakhale mlendo wolemekezeka, pasakhale nsalu ya chipani. Khansala kapena phungu akafuna kubwera, alowe mumzere wa dera lake. Kutseka msewu kumafuna kudziwitsa akhonsolo ya mzinda, ofesi ya DC ndi apolisi nthawi ikadalipo, choncho pakufunika anthu awiri kapena atatu odziwa kulemba makalata, ena oyang'anira ana panjira, ena a madzi akumwa, ndi namwino mmodzi mwa ambiri amene amakhala m'dera lino. Mtunda usatalike, ana a zaka zisanu satha kuyenda mpaka ku Limbe. Kuzungulira Nkolokosa yemweyu n'kukathera pabwalo la mpira n'kokwanira chaka choyamba.

Amfumu, ndaona manja angapo akwezedwa kale kumbali ya amayi, ndipo ndikukhulupirira kuti funso loyamba likhala la ndalama za nsalu. Ndikhale pansi kuti tilikambirane.